Yankho kwa Bambo a ku Sinda

Zikomo bambo a ku Sinda chifukwa cha kalata yanu. Mukuti buku lanu la nthano munamaliza kalekale, koma osindikiza a ku Lusaka angoti zii. Musataye mtima. Kumbukirani a Julius Chongo: nthano zawo za Poceza m'Madzulo anthu anayamba kuzimva pa wailesi, mabuku anabwera pambuyo. Ndiye tumizani mutu woyamba tiuwerenge pano pa wailesi, omvera a ku Vubwi ndi Katete atiuze pokoma ndi pozizira. Pezaninso mphunzitsi wa Chinyanja akonze kalembedwe, osati alamu anu ayi, amenewo angokuyamikirani. Mukadzisindikizira nokha ku Chipata, yambani ndi mabuku ochepa, ndalama ya feteleza isathere m'mapepala. Kenako muwanyamule ulendo wa ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba mwezi wa Ogasiti, mukagulitse m'khamu la anthu kumeneko.