PHUNZIRO: Naomi Anabwerera Kwawo ndi Mtima Wowawa

Kuwerenga: Rute 1:1-5, 19-22, 2:17-20, 4:13-17

Amayi anzathu mwa Ambuye, pa maliro sitichita ulesi. Timagona pa siwa, timaimba mpaka mbandakucha, timatunga madzi, timaphika, timaluka nkhata. Koma tikachoka kumanda, aliyense amamanga chitenje chake n'kubwerera kwawo. Namfedwa amayamba kumva ululu weniweni pamene mphasa zapindidwa ndipo pakhomo pati zii. Phunziro lathu likunena za nthawi imeneyo.

Naomi anathawira ku Moabu chifukwa cha njala, ali ndi mwamuna wake Elimeleki ndi ana awo amuna awiri. Patapita zaka ngati 10 anali ataika onse atatu m'manda a kuchilendo. Atafika ku Betelehemu anakana ngakhale dzina lake. Anafuna kuti azitchedwa Mara, kutanthauza kuwawa, ndipo ananena poyera kuti Mulungu ndiye wamuchitira zimenezi.

Tiime pamenepa. Mayi wa m'gulu lathu atalankhula chotero pa msonkhano, tingatani? Ambirife tingathamangire kumutseka pakamwa: “Musatero mayi, mukuchimwa, limbani mtima.” Koma m'buku lonseli palibe amene anamudzudzula Naomi, ngakhale Mulungu amene. Mawu ake owawa anasungidwa m'Malemba kuti ife tiwawerenge. Munthu wodandaula kwa Mulungu sanamutaye Mulunguyo, akulankhula nayebe. Kapena timawaletsa kulira chifukwa misozi yawo ikutisowetsa mtendere ifeyo?

Taonaninso kuti Naomi anati wabwera chimanjamanja, pamene mpongozi wake Rute anali chiimire pambali pake. Chisoni chimatero, chimaphimba maso. Rute sanakhumudwe nazo. Sanalalikire. Anapita kukakunkha m'munda wa Boazi, pakuti lamulo la pa Levitiko 19:9-10 linkalamula eni minda kusiyirako osauka ndi alendo. Madzulo anabwera ndi barele wokwana efa, ngati ndowa ija ya malita 20, pamodzi ndi chakudya chimene anasungako pa nkhomaliro yake. Ndipo pamenepo mpamene timamva Naomi, koyamba chibwerere kwawo, akutchula chifundo cha Mulungu. Chiyembekezo chinalowa m'nyumbamo pamodzi ndi chakudya.

Chimwemwe sichinabwere tsiku limodzi. Panadutsa nyengo yokolola barele, ya tirigu, ukwati, ndi miyezi ya pakati. Ndipo Obedi atabadwa, manda atatu aja anali akadali ku Moabu. Mulungu sanamubwezere Naomi ana ake; anamuika mdzukulu pamiyendo, amene anadzakhala agogo a Mfumu Davide. Amayi a m'mudzi, amene poyamba anangodabwa pomuona, ndiwo anamuzungulira, nayamika Mulungu, namutcha mwanayo dzina.

Amayi amenewo ndife. M'maparishi mwathu muli amasiye a matenda, a ngozi za pamsewu, ndi ena amene namondwe Freddy anawalanda mabanja mu Malichi 2023, ena osaona n'komwe matupi a abale awo. Ena anaferedwa kenaka n'kulandidwanso mbale ndi malata. Tiziwauza kuti lamulo la 2011 la chuma cha masiye m'Malawi limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, ndipo tiziwaperekeza kokadandaula, chifukwa mayi wolira payekha alibe mphamvu zolimbana ndi akuchimuna.

Zokambirana m'magulu:

1. Ndi mawu ati amene tinauzidwa titaferedwa amene anatipweteka m'malo motitonthoza? Nanga anatithandizadi ndani, ndipo anachita chiyani?

2. Ndani m'gulu lathu wasiya kubwera ku Misa chichitikire maliro kwawo?

Tisanatseke ndi pemphero, mlembi alembe mayina a onse amene anaferedwa m'miyezi 12 yapitayi. Pa dzina lililonse pasankhidwe amayi awiri oti akafikeko sabata ino, atanyamula kaufa, ndiwo kapena mtolo wa nkhuni. Akapeza mayiyo safuna kulankhula, akhale naye pansi basi, ndipo apangane tsiku lobweranso.