Chipolopolo Chodzaza Nokha Chikavuta: Malangizo kwa Alenje a ku Midrand

Alenje ambiri a kuno ku Gauteng amapita kukasaka nswala, ngoma, nyumbu ndi njiri m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi kufika Ogasiti. Ngati zipolopolo mumadzaza nokha, yambani kufufuza zolakwika mu Malichi kapena Epulo, osati usiku woti mawa mukunyamuka. Chipolopolo chili ndi mbali zinayi: chigoba, chimene alenje a kuno amachitcha doppie; wonga; primer, kamene ndi kakapu koyatsa wongawo; ndi mutu umene umauluka. Pa zinayizi, chigoba ndicho chimatsala m'manja mwanu mukawombera, ndipo ndicho chimaulula pamene mwalakwitsa.

1. Yambani ndi mapepala. Firearms Control Act, lamulo nambala 60 la chaka cha 2000, limalola mwini laisensi kudzaza zipolopolo za mfuti yake yokhayo imene ili pa laisensiyo. Pa mfuti iliyonse musapitirire zipolopolo 200 ndi ma primer 2,400, pokhapokha mutazindikiridwa ngati dedicated hunter kudzera m'bungwe lovomerezeka monga SA Hunters kapena NHSA. Musadzazire mnzanu, musagulitse. Abale amene mumagwira ntchito m'mapuloti a ku Glen Austin ndi President Park, bwana akakuuzani kuti muwadzazire, kanani mwaulemu. Laisensi imafuna nzika kapena munthu wa chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale, ndipo apolisi akabwera mlandu udzagwera inu.

2. Ikani chitini chimodzi chokha cha wonga patebulo, dzina lake likuyang'ana kwa inu. Mukamaliza, bwezerani wotsala m'chitini chomwecho nthawi yomweyo. Wonga wa Somchem monga S335, S355 ndi S365 umasiyana liwiro la kapsedwe, ndipo maso sangausiyanitse bwino. Choopsa koposa ndi wonga wa pisitolo, monga MP200, kulowa m'chigoba cha mfuti yaikulu. Umapsa mwachangu kwambiri moti mfuti imaphulikira kumaso. Wonga umene simukuudziwa dzina musaugwiritse ntchito, ngakhale mutaupeza mwaulere.

3. Mukasintha wonga, sinthaninso buku. Fakitale ya Rheinmetall Denel Munition ku Somerset West, kumene kumapangidwa Somchem, itaphulika mu Seputembala 2018, wongawu unayamba kusowa m'masitolo, ndipo ambiri anatembenukira ku Vihtavuori ndi Hodgdon. Tengani muyeso m'buku la kampani yopanga wonga umene muli nawo, pa kulemera kwa mutu umene muli nawo. Muyeso wa mnzanu wa pa WhatsApp unayesedwa mu mfuti yake, osati yanu.

4. Yesani sikelo musanayese wonga. Yamagetsi iyatseni ikhale kaye mphindi 20 kapena 30, tsekani zenera, zimitsani fani, kenako ikanipo kachitsulo koyesera kamene kanabwera nayo. Onetsetsani kuti ikuwerenga ma grain, osati magalamu. Galamu imodzi ndi ma grain 15.4, choncho kabatani kamodzi kosindikizidwa molakwika nkokwanira kuwononga zonse. Mukathira wonga, imikani zigoba zonse pa thabwa lake, muunikemo ndi tochi chimodzichimodzi musanaike mitu. Chopanda wonga ndi chodzaza mosiyana ndi zinzake zimaonekera pomwepo.

5. Yambirani pa muyeso wotsika umene buku lalemba, mukwere pang'onopang'ono. Dzazani zitatu kapena zisanu pa muyeso uliwonse, mulembe ndi maka pa chigoba. Musadutse malire a buku. Mukasintha chinthu chimodzi, kaya primer, kaya mtundu wa chigoba, kaya mutu, kaya chitini chatsopano cha wonga womwewo, tsikaninso muyambire pansi. Zigoba za makampani osiyana zimasiyana kuchindikala, ndipo chochindikala chili ndi malo ochepa mkati, motero wonga womwewo umakankha mwamphamvu kuposa kale.

6. Mukawombera, tolani chigoba muchiyang'ane musanalowetse china. Apa mpamene ambiri amathamanga, koma mpamene pali nkhani yonse. Mu .308 Winchester mphamvu yokankha imaloledwa kufika 4,150 bar, pamene tayala la galimoto timalipopa pafupifupi 2 bar. Chotchinga mphamvu imeneyi kuti isakufikeni kumaso ndi kachigoba kameneka ndi bolt, chitsulo chotsekera kumbuyo kwa mfuti. Tembenuzani chigoba muone kunsi. Primer yabwino imakhala ndi m'mbali mozungulira bwino. Ikaphwatalala mpaka kudzaza dzenje lake lonse, kapena pakatikati pakatukuka kamlomo kozungulira pamene pini inamenya, mphamvu ikukwera. Mukaona kachidindo kowala pa zilembo za kunsi, mkuwa wayamba kusefukira m'kadzenje ka bolt. Bolt ikalimba potsegula moti mukufuna kuimenya ndi chikhatho, mwadutsa kale malire. Primer ikabooka, ikagwa yokha, kapena mwaye wakuda ukaizungulira, lekani kuwombera tsiku limenelo. Zotsala za muyeso umenewo ndi zonse zoposa pamenepo mukaziphwasule kunyumba. Dziwaninso kuti mfuti zina sizionetsa zizindikiro msanga. Chronograph, kachipangizo koyeza liwiro la chipolopolo, ikasonyeza liwiro loposa la m'buku, ikhulupirireni ngakhale chigoba chikuoneka bwino.

7. Bolt ikakana kutseka chipolopolo chisanawombedwe, musaikakamize. Tulutsani, mufufuze motsatana. Choyamba yezani kutalika kwa chigoba ndi vernier: cha .308 chisapitirire 51.18 mm, cha .30-06 chisapitirire 63.35 mm. Chigoba chimatalika nthawi iliyonse mukachiwombera ndi kuchibwezera mu die, chitsulo chochiumbanso, ndipo chotalika chimafinya mutu pakhosi nkukweza mphamvu. Chidulirenitu. Chachiwiri, pititsani chala kunsi: primer ikhale yolowa pang'ono, osati yotumphuka. Chachitatu, detsani mutu ndi maka, mulowetse chipolopolo chopanda wonga ndi primer. Mukapeza timizere pa inkiyo, mutu ukugunda mizere ya mumpope wa mfuti, ulowetseni pang'ono. Zonsezi zikakhala bwino, phewa la chigoba silinabwerere mokwanira, tsitsani die pang'ono kwambiri muyesenso.

8. Koma musakankhe phewa mopitirira. Chigoba chimene chimagwedera m'chipinda cha mfuti chimatamuka chikawombedwa, ndipo chimapyapyala chakunsi. Chizindikiro chake ndi kamzere kowala kozungulira, pang'ono pamwamba pa tsinde. Wongolani kawaya ka mapepala, pindani nsonga, mukande mkati. Nsonga ikakodwa m'kangalande, phwanyani chigobacho ndi pulayazi muchitaye, muyang'anenso zinzake za gulu limenelo. Chikadukira mumfuti muli kutchire, ulenje wathera pomwepo, ndipo mpweya wotentha umatha kubwerera kumaso. Chong'aluka pakhosi nachonso tayani, mkuwa wake wauma.

9. Pakani mafuta ochepa pa thupi la chigoba, osati paphewa. Ochuluka amasiya timaenje paphewa, osapaka nkomwe chigoba chimakanirira mu die. Pukutani mukamaliza, chifukwa chigoba cha mafuta sichigwira makoma a chipinda ndipo mphamvu yochuluka imapita pa bolt. Zigoba zotola pamalo owomberera unikani mkati. Kabowo kamodzi pakati ndi mtundu wa Boxer, umene zida zanu zimatha. Timabowo tiwiri ndi Berdan, monga zigoba zambiri zakale za asilikali, ndipo zimathyola pini yochotsera primer.

10. Mfuti ikangoti tcha osalira, musatsegule. Ilozetseni kutsogolo kumene kulibe munthu, muwerenge masekondi 30, chifukwa primer ina imachedwa kuyaka. Kenako onani kunsi. Chidindo chosazama chimasonyeza primer yosafika pansi kapena pini yofooka. Chidindo chozama chimasonyeza primer yowonongeka ndi mafuta kapena chinyezi. Mfuti ikalira mofooka, kapena osakankha paphewa panu monga mwa masiku onse, chotsani bolt muyang'ane mumpope kuchokera kumbuyo. Mutu umatha kutsakamira mkati, ndipo chipolopolo chotsatira chimang'amba mpope.

11. Kumbukirani kutentha. Muyeso umene munauyesa m'mawa wa chisanu kuno kumtunda ukhoza kuvuta masana ku Lephalale kapena ku Musina, kumene dzuwa limaotcha ngakhale mu Ogasiti. Wonga wotentha umakankha kwambiri. Pa zipolopolo zosakira khalani pansi pa malire ndithu, nswala simafuna liwiro lomaliza. Musasiye bokosi pa dashibodi ya bakkie, ndipo musasiye chipolopolo nthawi yaitali mu mfuti yotentha. Kunyumba sungani wonga ndi ma primer mosiyana, m'zotengera zake, pamalo ouma, ozizira ndi okhoma, kutali ndi ana. Galaja ya malata m'chilimwe si malo ake.

12. Zipolopolo zikamwazika pa chandamale, musathamangire kusintha wonga. Limbitsani kaye zomangira za scope ndi za thupi la mfuti, tsukani mpope, muusiye uzizire pakati pa kuwombera. Wombani za kusitolo zitatu pa mamita 100. Nazonso zikamwazika, vuto lili pa mfuti kapena pa kagwiridwe kanu. Zikagwera pamodzi, bwererani ku tebulo, musinthe chinthu chimodzi chokha pa ulendo uliwonse, mulembe m'kope tsiku, wonga, muyeso, primer, mutu, kutalika kwa chipolopolo ndi mmene kunja kunalili. Mukasintha ziwiri nthawi imodzi simudzadziwa chimene chathandiza.

13. Sankhani mutu wosakira, osati wa mpikisano. Wa mpikisano umalasa bwino pepala, koma pa phewa la ngoma umatha kuphwanyika kapena kungodutsa osatambasuka, nyama nkuthawa ndi bala. Mukasintha mutu, yesaninso mfuti pa chandamale, chifukwa mitu yolemera mofanana simagwera malo amodzi.

14. Sabata imodzi ulendo usanafike, pitani pamalo owomberera, mfuti italoza kutsogolo, mulowetse ndi kutulutsa chipolopolo chilichonse chimene mudzanyamule, kudzera m'magazini. Cholimba kapena chokayikitsa chiikeni pambali, mukachotse mutu ndi chida chake chochotsera, osati pulayazi. Valani magalasi oteteza maso pochita zimenezi, ndipo sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya, pakuti fumbi la primer ndi la zigoba zakuda limakhala ndi mtovu.