Amadziwa Bwanji Kuti Mawa Kuomba Mwera?

Asodzi a ku Mtakataka amamva pa wailesi chenjezo loti mawa kuomba mwera. Uthengawu umachokera ku nthambi ya boma yoona zanyengo, yomwe likulu lake lili ku Blantyre. Kodi a zanyengowa amadziwa bwanji za mawa?

Amayamba ndi kuyeza za lero. Zipangizo za m'malo osiyanasiyana zimayeza liwiro la mphepo, kumene ikuchokera ndi katenthedwe ka mpweya. Makina ouluka mumlengalenga otchedwa setilaiti amajambula mitambo. Zonsezi zimasanduka manambala, ndipo manambalawo amalowetsedwa m'makompyuta akuluakulu.

M'kompyutamo, dziko ndi mpweya wake zimagawidwa m'timabokosi tambirimbiri ngati maso a ukonde. Kabokosi kalikonse kali ndi manambala ake. Kompyuta imawerengera kuti pakapita mphindi zochepa, mpweya wa m'kabokosi aka ukhala utasunthira kuti. Ikapeza yankho imawerengeranso, mobwerezabwereza, mpaka kufika mawa ndi mkuja. Munthu wa pensulo ndi kope sangathe ntchito imeneyi. Mwera ungafike iye asanamalize.

Mphepo ikadziwika, za pamadzi sizivuta kwenikweni. Mafunde amakula mphepo ikakhala yamphamvu, ikaomba nthawi yaitali, ndiponso ikadutsa mtunda wautali pamadzi. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 500, choncho mphepo ili ndi malo okwanira outsira mafunde. Mwera, umene umaomba kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto. Kuno kummwera madzi ozizira a pansi amakwera, atanyamula michere yomeretsa tizomera ting'onoting'ono ta m'madzi. Tizilombo timene usipa umadya timadalira tizomera timeneti.

 

Ulosi wa nyengowu suli wopanda chilema. Kuyeza kwa lero kukaphonya pang'ono, cholakwikacho chimakula tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake ulosi wa mawa ndi wodalirika kuposa wa sabata yamawa. Timabokosi tija natonso n'tatikulu, sitingaone kamphepo kotsika m'mapiri a Dedza kudzera ku Mua. Kameneko amakazindikira ndi msodzi amene ali padoko.

Kambiranani: ndi zizindikiro ziti zimene asodzi a kwanu amaona mwera usanayambe?