Phunziro la Sabata Ino: Kodi Munthu Wabwino wa m'Nthano Angatembenuze Chigawenga?

Akhristu anzanga, masewero amene achinyamata athu amachita pabwalo la tchalitchi kawirikawiri amatha mofanana. Wakuba mbuzi, kapena malume olanda chuma cha ana amasiye, azunza anthu sewero lonse. Kenaka mkhristu wabwino amuyankhula mawu awiri, iye agwada, alira, kwaya iyamba nyimbo. Timawomba m'manja. Koma ndani mwa ife amabwerera kunyumba akukhulupirira kuti wakuba amene tikumudziwa m'mudzi mwathu angasinthe chonchi? Ngati chifundo timachiyesa chinthu cha m'sewero basi, tsiku limene wakuba wagwidwa pamsika tidzathamangira miyala ndi moto, monga zakhala zikumveka kuno ku Nsanje ndi m'maboma ena.

Nthano za agogo sizidatiphunzitse zambiri pa nkhaniyi. Kalulu amapusitsa Fisi, samumvera chisoni, ndipo Fisi amakhala Fisi mpaka nthano itatha. Nkhani ya Mbona, imene ife a kwa Malemia timaidziwa popeza Khulubvi ali pakhomo pathu, imafika pafupi. Akulu amasimba kuti zida za adani zidalephera kumulasa mpaka iye mwini adawauza njira yomuphera. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort amene adatumikira m'chigwa chino, adaifotokoza m'buku lake River of Blood mu 1992. Komabe poisimba maso athu amakhala pa mvula ndi pa kachisi. Za mitima ya omuphawo sitifunsa kwenikweni.

Buku limene lidalimbana ndi funsoli mosabisa ndi Les Misérables, lolembedwa ndi Victor Hugo wa ku France mu 1862. Jean Valjean adakhala m'ndende zaka 19, chiyambi chake kuba buledi. Atatuluka, aliyense adamutsekera chitseko kupatula Episkopi Myriel, amene adamudyetsa ndi kumugoneka. Usiku womwewo Valjean adaba masupuni ndi mafoloko asiliva n'kuthawa. Apolisi atamugwira ndi kumubweretsa, Episkopi adawauza kuti katunduyo adachita kumupatsa, ndipo adamuwonjezera zoikapo makandulo ziwiri zasiliva.

Chimene chimatichititsa kukhulupirira Episkopiyu n'chakuti wolemba adayamba watiwonetsa moyo wake. Nyumba yake yaikulu adali ataipereka kuti ikhale chipatala, ndalama zake zinkapita kwa osauka, ndipo siliva ujayo ndiye chuma chokha chimene chidamutsalira. Chifundo chake chidamudyera kanthu. Adalinso munthu wozolowera kukhala pansi ndi akaidi ndi odwala, choncho ankadziwa chimene ndende imachita ndi mtima wa munthu. Mkhristu wa m'masewero athu uja nthawi zambiri sataya kalikonse, ndipo wakubayo samudziwa n'komwe.

Tsono taonani chimene Valjean adachita atangokhululukidwa. Sadagwade. Tsiku lomwelo ali kuthengo adapondereza ndi phazi ndalama ya kamnyamata kodutsa m'njira, n'kukathamangitsa kakulira. Atazindikira kuti wabera mwana atangolandira chifundo chotere, m'pamene mtima wake udasweka, nalira. Apa ndi pamene bukuli limanena zoona, chifukwa tonse tikudziwa za kutuluka m'Sakramenti la Kulapa Loweruka n'kugwanso Lolemba. Masamba mazana otsatira akusimba za Valjean akuyesedwa mobwerezabwereza, mpaka kudziulula kubwalo la milandu kuti munthu wina asamangidwe m'malo mwake.

Ndipo si onse adasintha. Javert, wapolisi amene adasaka Valjean zaka zambiri, adagwa m'manja mwake, Valjean n'kumumasula m'malo momupha. Javert sadathe kukhala ndi ngongole ya moyo kwa mkaidi, adakadziponya mumtsinje wa Seine. Thénardier, tambwali wozunza mwana wamasiye, adapatsidwa ndalama zambiri kumapeto, ndipo adapita nazo ku America kukachita malonda a akapolo. Chifundo chidafikira anthu atatu, m'modzi yekha ndiye adachilandira. Ine ndikuti chifukwa cha awiri okanawo ndi chimene timakhulupirira m'modzi uja.

Ambuye Yesu nawo ankaphunzitsa ndi nkhani zopeka, ndipo ankasiya ufulu womwewu. Werengani Luka 15:11-32. Bambo sadapite kukakoka mwana wolowerera kudziko lakutali. Mwanayo adadzidzimuka yekha, ndipo chidamudzidzimutsa ndi njala. Pomaliza bambo ali panja kudandaulira mwana wamkulu kuti alowe, ndipo fanizo likutha tisadamve ngati adalowa. Munthu wabwino amatsekula chitseko ndi kudikira, koma wotembenuza mtima ndi Mulungu, ndipo Mulungu sakakamiza.

Wina anganene kuti zonsezi n'za m'mabuku. Kumbukirani Maria Goretti Woyera, amene adabayidwa ndi Alessandro Serenelli mu July 1902 ali ndi zaka 11, namukhululukira asadamwalire. Serenelli adalowa m'ndende wosalapa, ndipo padapita zaka kuti afewe. Adakhalamo zaka 27. Atatuluka adakapepesa kwa mayi a mwanayo, ndipo adatsiriza moyo wake akugwira ntchito m'nyumba ya a Capuchin mpaka mu 1970. Chikhululukiro sichidafafanize chilango, ndipo sichidafulumire kubala.

Choncho inu achinyamata okonza masewero, wakuba wanu mupatseni mbiri: tidziwe kuti dimba lake lidapita ndi madzi, kapena kuti adakula akumenyedwa, popanda kunena kuti kuba kuli bwino. Wokhululukayo ataye kanthu kooneka, mbuzi yomwe ankayembekeza kulipirira mwana sukulu, ndipo anansi amuseke. Musaiwale mayi woberedwayo, naye ali ndi misozi yake. Ndipo nthawi zina lolani wakubayo atuluke pabwalo osagwada, kwaya ikhale chete.

Ku miphakati sabata ino werenganinso Luka 15:25-32, kenaka mukambirane izi mosatchula dzina la munthu: wina wa m'mudzi mwathu akatuluka kundende mwezi wamawa, ndi khomo liti mwa makomo athu limene lingamupatse ganyu, ndipo mwini khomolo mbuzi zake zikasowanso, mphakati udzachitapo chiyani?