Azakhali: Pepala ulifufuze ngati mkamwini

Azakhali,

Ndili chaka chachinayi ku yunivesite, ndikuphunzira psychology. Kafukufuku wanga womalizira ndi wa amayi amene amadwala matenda a kukhumudwa akangochira kuchipatala. Ndasakasaka pa Google mpaka bandulo kutha, koma zimene ndapeza ndi zochepa, za ku America zokhazokha. Ndiye ndinalemba kuti nkhaniyi palibe anaifufuzapo m'Malawi muno. Aphunzitsi ondiyang'anira anangozunguliza chiganizocho ndi cholembera chofiira n'kundibwezera, osanena kanthu. Kodi akundida?

Ndine mwana wanu,
Wosweka Mutu

Mwanawe,

Akukuda? Akanakhala kuti akukuda akanakusiya upite nacho chiganizocho pamaso pa oyesa mayeso, akakusekere limodzi onse. Cholembera chofiiracho ndi chikondi, ngakhale chikondi chake ndi chaukali.

Wati palibe anafufuzapo. Iwe ndiye woyamba, eti? Chiyambire dziko lino amayi akhala akubereka, madokotala akhala akulemba, koma onse amadikira iweyo ndi foni yako yosweka galasi. Tamvera. Mu 2009 Robert Stewart ndi anzake anasindikiza kafukufuku amene anayesa m'Chichewa mafunso 20 a SRQ, a bungwe la WHO, pa amayi a ana aang'ono ku Thyolo. Mu 2013 anatulutsanso wina wa amayi oyembekezera ku Mangochi, akuyerekeza SRQ ndi mafunso 10 a Edinburgh Postnatal Depression Scale. Aphunzitsi ako mapepalawa amawadziwa. N'chifukwa chake sanawononge malovu.

Vuto lako n'lakuti ukufunsa pakhomo polakwika. Google wamba amakupatsa chilichonse, cha dokotala ndi cha wogulitsa mankhwala ochepetsa mimba pamodzi. Anthu a maphunziro ako ali ndi kaundula wawo, PsycINFO, amene amasungidwa ndi American Psychological Association (APA). Anachokera ku Psychological Abstracts, buku limene linayamba kutuluka mu 1927, ndiye muli zolemba za zaka zambirimbiri, chilichonse chitaikidwa pansi pa mutu wake. Ameneyu ndi wolipira, ndipo ulowa pokhapokha laibulale ya sukulu yanu ikhale nayo njira. PubMed, wa National Library of Medicine ya ku America, ndi waulere, ndipo nkhani yako popeza yagona pakati pa maganizo ndi chipatala, kumeneko ukakolola kwambiri. Usaiwale African Journals Online, kumene kuli magazini a ku Africa kuno, kuphatikizapo Malawi Medical Journal.

Ndikudziwa chimene udzachite ukalowamo. Udzalemba mutu wonse wa kafukufuku wako, mawu khumi ndi asanu, ngati ukulemba kalata yofunsira ntchito, kenako udzabwera kuno ukulira kuti kwatuluka ziro. Makina amenewa sawerenga ziganizo. Gawa nkhani yako patatu: matendawo, anthuwo, malowo. Pa chigawo chilichonse sonkhanitsa mayina onse amene olemba amagwiritsa ntchito. A ku Britain amakonda kulemba postnatal depression, a ku America postpartum depression, ena perinatal, ena maternal mental health, ena common mental disorder. Amenewa uwalumikize ndi OR, kuti aliyense alowe. Ukatero ulumikize zigawozo ndi AND, kuti patsale okhawo amene akukamba zonse zitatu. Ukasemphanitsa awiriwa upeza mapepala zikwi makumi ambiri kapena osapeza ndi limodzi lomwe, ndipo uziti intaneti ndi yoipa. PubMed ali ndi mndandanda wa mitu wotchedwa MeSH, ndipo matenda akowo anawalemba kuti Depression, Postpartum. PsycINFO nayenso ali ndi Thesaurus yake. Ukagwira mutu wovomerezekawo, amakubweretsera ngakhale mapepala amene olemba ake anatchula matendawo mwanjira ina. Malawi ikakupatsa zochepa, tambasula ku Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Tanzania.

Tsopano ndikuuze chimene ndimafuna kwenikweni, chifukwa izi n'zimene azakhali timadziwa kuposa mapulofesa. Mnyamata akabwera kudzafunsira mbeta, sitingoyang'ana suti yake. Timatuma munthu kwawo akafunse kuti makolo ake ndi ndani, kenako timafunsa kumene wadutsa kuti anthu akumunena zotani. Pepala la kafukufuku ulichite chimodzimodzi. Ukapeza limodzi logwirizana ndi nkhani yako, pita kumapeto kwake, pa mndandanda wa mabuku amene olembawo anawerenga. Amenewo ndiwo makolo ake. Pepala la ku Mangochi lija lidzakutengera kwa Cox, Holden ndi Sagovsky, amene anatulutsa mafunso a Edinburgh mu 1987 mu British Journal of Psychiatry. Koma mndandanda umenewo umangoyang'ana m'mbuyo. Kuti udziwe amene anabwera pambuyo pake, lemba mutu wa pepalalo mu Google Scholar, amene si Google wamba uja ayi, n'kudina pamene palembedwa Cited by. Adzakuonetsa onse amene analitchula chitulukire. Ukatenga pepala la m'Malawi n'kuchita zimenezi, ofufuza a kuno amene unkati kulibe aja atulukira okha, mmodzimmodzi. Nzeru imeneyi anailimbikitsa ndi Eugene Garfield, amene anayambitsa Science Citation Index mu 1964. Lero ili mu Web of Science, ndipo Scopus ya Elsevier, imene inayamba mu 2004, imachitanso zomwezo mwaukhondo kuposa Google Scholar, amene nthawi zina amawerenga pepala limodzi kawiri.

Usangowerenga nambala ya omutchula n'kuomba m'manja. Munthu amatchuka ndi mbiri yoipa yomwe. Mu 2010 Carney, Cuddy ndi Yap analemba kuti ukaima modzitukumula kwa mphindi ziwiri, mahomoni m'thupi amasintha ndipo umalimba mtima. Dziko lonse linatengeka nazo. Mu 2015 Ranehill ndi anzake anabwereza kafukufukuyo ndi anthu ochuluka, osapeza kusintha kwa mahomoniko, ndipo mu 2016 Dana Carney mwini wake ananena poyera kuti sakuzikhulupiriranso. Mu 2015 momwemo magazini ya Science inasindikiza ntchito ya ofufuza amene anabwereza makafukufuku 100 a psychology, ndipo amene anatulutsanso zotsatira zoonekera sanafike ngakhale theka. Nanga Diederik Stapel wa ku Tilburg, amene anagwidwa mu 2011 kuti manambala ankangopeka? Mapepala ake oposa 50 anachotsedwa, koma ena akadali pa intaneti, ooneka bwino ndithu. Zoterezi pepala lenilenilo silingakuuze. Uzimva kwa amene analitchula pambuyo pake, ndiye uwerengeko ndithu zimene akunena.

Za ndalama usandidandaulire. Pulogalamu ya Hinari, imene WHO inayambitsa mu 2002 ndipo tsopano ili pansi pa Research4Life, imatsegulira masukulu ndi zipatala za mayiko osauka magazini ambiri kwaulere, ndipo Malawi ili m'gulumo. Malaibulale athu alinso ndi mgwirizano wawo wa MALICO. Mafungulo ake ali ndi mayi kapena bambo uja wa mulaibulale amene umangomudutsa popita kukatchaja foni. Mupatse moni bwinobwino, muuze nkhani yako, akuonetse polowera.

Gula kope laling'ono. Tsiku lililonse ulembemo kaundula amene wafufuzamo, mawu amene walemba, ndi kuchuluka kwa zimene zatuluka, chifukwa oyesa mayeso adzakufunsa ndipo "ndinangosaka" si yankho. Mapepalawo uwasunge mu Zotero, ndi yaulere, ikulemberanso mndandanda wa mabuku m'kalembedwe ka APA, m'malo mosunga mafayilo otchedwa "final", "final2" ndi "finalyeniyeni" amene ndikudziwa kuti adzadza mu kompyuta yakoyo. Ukamaliza zonsezi ukapeza kuti ku boma lakwanu, kapena pakati pa atsikana obereka asanafike zaka 18, zolembedwa n'zochepa, ukalembe zimenezo, utchule ndi kumene wafufuza. Ndipo ukamapita kwa aphunzitsi ako Lolemba, nkhope yokwinyayo uisiye kuhositelo.

Ndine Azakhali ako