ZA TIZIROMBO TOONONGA TSABOLA WA M'MIPHIKA

Inu eni nyumba, ambiri a inu mubzala tsabola wa kambuzi m'miphika yakale, nimuiika pakhonde kapena m'nyumba pafupi ndi zenera, kuopa mbuzi, nkhuku ndi cisanu ca June. Mucita bwino. Koma dziwani kuti tsindwi limene lichinjiriza tsabola lichinjirizanso adani ace. Kumunda mvula imakokolola tizirombo pamasamba, ndipo tina timadyedwa ndi tinzace. Pansi pa tsindwi mvula sifika. Cifukwa cace nchito ya mvula igwera inu.

1. Adani ace ndani?

Oyamba ndiwo nsabwe za m'masamba, zobiriwira kapena zakuda, zimene ziunjikana kunsonga zanthete ndi kunsi kwa masamba. Yaikazi ibala ana amoyo popanda yaimuna, ndipo mwana nayenso ayamba kubala atatha masiku 7 kapena 10. Aciwiri ndiwo tinchenche toyera, touluka ngati phulusa mukagwedeza mtengo. Acitatu ndiwo tiakangaude tofiira, tating'ono ngati pfumbi, tokonda kutentha ndi kuuma kwa October. Tonseti tiyamwa madzi a mtengo. Pamenepo masamba apiringizika nasanduka acikasu, maluwa athothoka, ndipo ndiwo za banja zisowa tsabola.

2. Mudzawazindikira bwanji?

Akulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha. Sabata iri yonse tembenuzani masamba, muyang'ane kunsi kwace, pakuti mdani akhala komweko. Mukaona nyerere zirikukwera ndi kutsika pamtengo, nsabwe ziri pafupi: nyerere zitsata madzi otsekemera amene nsabwe zitaya, ndipo zizisunga monga munthu asunga ng'ombe zace. Pa madzi omwewo pamera nkhungu yakuda yonga mwaye. Timadontho toyera patsamba ndi ulusi wopyapyala ndizo zizindikiro za akangaude.

3. Mucite ciani?

Poyamba turutsani mphika panja, muupendeke, nimutsuke kunsi kwa masamba ndi madzi ambiri. Nsabwe zotsala muzipsinye ndi zala. Nsonga yodzala nazo muidule ndi kuitentha.

Zikabweranso, palani sopo wamba wocapira, supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri, mumsungunule m'lita imodzi ya madzi. Yesani pa masamba awiri, mudikire tsiku limodzi. Ngati sanapsa, wazani mtengo wonse ndi katsache ka udzu, makamaka kunsi kwa masamba. Muwaze madzulo, pakuti sopo ndi dzuwa lamasana zitentha masamba. M'mawa mwace mutsuke ndi madzi okha. Sopo apha kacirombo kokhako kamene wakakhudza, ndipo mazira ambiri atsala. Tsono mubwereze pakapita masiku 5 kapena 7, kufikira katatu. Ambiri alephera pomwepa: awaza kamodzi, naleka, nati mankhwala alibe mphamvu.

Tsiku lofunda ikani mphika panja pamthunzi. Mukapeza kacikumbu kozungulira, kofiira, ka madontho akuda, musakaphe ai. Ndiko bwenzi lanu, cakudya cace ndico nsabwe.

4. Zoyenera kupewa.

Musawaze madzi a fodya. Ali ndi ululu woopsa kwa ana, ndipo fodya akhoza kupatsira tsabola nthenda yosanduliza masamba mawangamawanga. Wogwira fodya ayambe wasamba m'manja ndi sopo asanakhudze tsabola. Mankhwala a thonje ndi osungira cimanga asafike pa cinthu cimene mudzathyola ndi kudya mawa, ndiponso asawazidwe m'nyumba mogona anthu.

Mtengo umene wapinimbira, masamba ace onse opiringizika ndi amawanga ngakhale tizirombo tatha, wagwidwa nthenda yosacira. Muuzule ndi kuutentha, kuti nsabwe zingatengere nthendayo ku mitengo yina. Mbande yocokera kwa mnansi ikhale payokha masabata awiri isanasanganizidwe ndi yanu.

Phunzitsani ana anu kutembenuza tsamba. Maso ao ali akuthwa koposa anu, ndipo nchitoyi siposa nthawi yophika phala.