Kodi Ndigulitse Foniyi?

Funso: Ndine wophunzira pa Domasi College of Education. Ndimagula bandulo kuti ndifufuze za maphunziro, koma ndimangopezeka ndili pa TikTok mpaka tambala kulira. Lamulungu ndimawodzera m'tchalitchi ku Domasi CCAP, ndipo kupemphera m'mawa ndinasiya kalekale. Kodi ndingoigulitsa foniyi?
Mnyamata wodandaula, Domasi

Yankho: Achimwene, musagulitse. Zidziwitso za m'kalasi zimadutsa pa WhatsApp, ndipo makolo kumudzi amakutumizirani ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Dziwani kuti TikTok anaipanga dala kuti isakhale ndi pothera: kanema akatha, wina walowa kale, wosankhidwa potengera zomwe munachedwapo dzulo. Usiku, mutatopa, simungalimbane nayo.

Ndiye foni isagone nanu pabedi. Ikakwana 9 koloko, itsekereni m'sutikesi. Ngati ndi ya Android, lowani pa Digital Wellbeing muikire TikTok malire a mphindi 30 patsiku.

Baibulo la m'foni sindilikhulupirira kwenikweni, chifukwa uthenga umodzi ukangolira, Salimo lathera pomwepo. Pezani Buku Lopatulika lapepala. Mufunenso mnzanu wodzuka m'mamawa, kaya ndi Msilamu wopita kumzikiti m'bandakucha, azikugogoderani akamadutsa.